Chakudyacho sichinandidwalitse, nanga nseruyi ikuchokera kuti?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti zaka zingapo zapitazo anadya chakudya chimene anali asanachilawepo, usiku wake n'kuyamba kusanza. Adokotala anapeza kuti anali matenda ena, osati chakudyacho. Koma mpaka lero akangomva fungo lake, nseru imabwera. Akufunsa ngati zidzatha.

Musadandaule, ubongo wanu ukugwira ntchito yake. Kungoti mbali imene inasunga nkhaniyi simva zimene adokotala ananena, imamva za m'mimba basi.

M'zaka za m'ma 1950, wasayansi John Garcia wa ku America anaona kuti makoswe amene amwa madzi otsekemera kenako n'kudwala chifukwa cha radiation (cheza champhamvu chonga cha X-ray), ankawakana madziwo. Mu 1966, iye ndi Robert Koelling anasonyeza kuti khoswe amalumikiza nseru ndi kakomedwe, pomwe ululu wa shoko ya magetsi amaulumikiza ndi kuwala ndiponso phokoso. Akatswiri ambiri anakayikira. Iwo anazolowera za agalu a wasayansi Pavlov, amene ankachucha malovu akangomva chizindikiro cha chakudya, kuti kuphunzira kumafuna kubwereza kambirimbiri ndipo zinthu ziwirizo zizitsatana pompopompo. Apa kamodzi kokha kankakwana, ngakhale patadutsa maola. Ine izi zimandigometsa, chifukwa nthawi zambiri poizoni sayamba kupweteka ukangomeza, ndiye nyama yosakhoza kudikira chonchi ikanabwereranso kukadya chomwecho.

Uthenga wa palilime umadutsa m'tsinde la ubongo n'kukafika pa insular cortex, mbali ya ubongo yozindikira kakomedwe. Wa m'mimba umakwera makamaka kudzera mu mtsempha wa vagus wolumikiza mimba ndi ubongo, ndipo amygdala, kachigawo ka ubongo kokhudzana ndi mantha, imathandiza kumanga ziwirizi pamodzi. Kakomedwe kakakhala kachilendo, pa insular cortex pamatuluka acetylcholine wochuluka, mankhwala onyamula uthenga pakati pa maselo a ubongo, ndipo ubongo umakasunga podikira kuona ngati mimba idandaule. N'chifukwa chake mlandu unagwera chakudya chatsopanocho, zina zonse zozolowereka zimene munadya tsikulo n'kupulumuka. Kuti chikumbukirocho chikhalitse, maselo amafunika kupanga mapuloteni atsopano. Mu 1993 gulu la Yadin Dudai ku Israel linatsekereza kapangidwe ka mapuloteniwa m'makoswe, ndipo chikumbukirocho sichinakhazikike.

Zimandikhudza kwambiri ndikaganiza za odwala khansa. Mu 1978 Ilene Bernstein anapeza kuti ana amene anapatsidwa ayisikilimu wachilendo asanalandire chemotherapy, mankhwala a khansa amene amachititsa nseru, ambiri ankamukana pambuyo pake. Wodwala wofunika kudya bwino akhoza kuyamba kudana ndi zakudya zopanda mlandu.

Tsono kodi zidzatha? Nthawi zambiri zimachepa, koma osati chifukwa chodziuza kuti palibe vuto. Lawani pang'ono kwambiri tsiku limene muli bwino, mubwereze masiku ena osadzikakamiza. Mukalawa n'kugona bwinobwino, ubongo umaphunzira chatsopano pamwamba pa chakale. Chakalecho sichifufutika chonse, choncho nseru ikadzabweranso mwa apo ndi apo musataye mtima. Koma ngati zakudya zimene mukuzikana zikuchuluka kapena mwayamba kuwonda, kaonaneni ndi adokotala.