Musagule kaye kamera ina, achimwene

Achimwene, mwati maukwati, mabefide ndi ma graduation mwajambula mpaka ntchito yakukwanani, zithunzi zonse zikungofanana, ndiye mukufunsa ngati kamera yatsopano ingadzutse chidwi. Ndalamazo sungani kaye. Zithunzi zimafanana munthu akamaimika makasitomala onse pakhoma limodzi, dzuwa lili paliwombo, n'kuwauza mawu omwewo akuti "tamwetulirani". Kamera yodula idzatulutsanso zomwezo.

Yambani ndi kuwala, poti kuno ku Mzuzu tili ndi mwayi umene ambiri amaudandaula. Mitambo ndi chifunga cha mu Juni ndi Julayi zimafewetsa dzuwa, moti khungu lakuda limaoneka losalala, lopanda mawanga onyezimira pamphumi ndi pamphuno. Vuto la tsiku la mitambo ndi loti kuwala kumachokera pamwamba, maso n'kulowa mumdima. Muimikeni munthuyo pakhonde kapena pakhomo, atalowa m'kati pang'ono, nkhope itayang'ana kunja. Denga limatseka kuwala kwa pamwamba, kwa kutsogolo n'kulowa m'maso. Dzuwa likawala, nthawi yabwino ndi kuyambira 4 koloko madzulo, likhale kumbuyo kwake, inu mubwezere kuwala kunkhope. Ngati reflector (chobwezera kuwala) mulibe, katoni yomatidwa pepala loyera imagwira ntchito. Wina aigwire chapachifuwa, pafupifupi mita imodzi kuchoka pa munthuyo. Pa kapinga ndi pansi pa mitengo samalani, masamba amapaka khungu kamtundu kobiriwira kovuta kuchotsa.

Lenzi ya 50mm f/1.8 ndi yokwanira. Nambala ya f ikachepa, kabowo ka lenzi kamakula ndipo malo ooneka bwino pachithunzi amachepa. Munthu mmodzi mujambuleni pa f/2.8, focus (pamene kamera ikuonetsa bwino kwambiri) ikhale pa diso lomwe lili pafupi ndi inu. Ambiri amathamangira f/1.8 pofuna kuti kumbuyo kusaoneke, kenako n'kupeza mphuno yokha ndiyo yaoneka bwino. Banja likaima mizere iwiri, pitani pa f/5.6 kapena f/8. Shutter (liwiro lojambulira) isachedwe kuposa 1/200 ya sekondi; kuli bwino ISO (mphamvu ya kamera yomvera kuwala) ikwere mpaka 1600 kusiyana ndi chithunzi chogwedezeka, chomwe sichikonzeka. Kumbuyo kukakhala thambo loyera kamera imanyengeka n'kudetsa nkhope, ndiye onjezerani kuwala pa kamera (exposure) ndi +0.7 kapena +1, koma muziyang'ana diresi ya mkwatibwi kuti isayere mopyola muyeso pachithunzi. Jambulani mu RAW, mtundu wa fayilo umene umasunga zonse zimene kamera yaona. Ndipo chonde, pokonza pa kompyuta musamuyeretse munthu khungu. Nkhope imasanduka yotuwa pomwe khosi ndi manja zili zakuda, ndipo amene mwamupatsa kasitomalayo si iye ayi.

Koma chidwi chenicheni chili pa munthu amene waima patsogolo panu. Mphindi khumi zoyamba kamera ikhale pakhosi, muzicheza. Agogo amene abwera kuchokera ku Rumphi kapena Mzimba kudzaona mdzukulu akumaliza ku yunivesite ya Mzuzu (Mzuni), alonjereni m'Chitumbuka kuti "monire agogo, muli uli", muwafunse za ulendo. Mapewa amatsika okha. M'malo mowauza kuti aseke, apempheni amukonze mdzukuluyo kolala ya gauni. Pamene dzanja lawo lokhakhala likusalaza nsaluyo, mwana atawerama pang'ono, ndi pomwe pali chithunzi chimene banjalo lidzapachike pabalaza. Chipewa cha graduation chikwezeni pang'ono kutsogolo kuti chisaphimbe maso. Wamanyazi mupatseni chogwira, kaya baibulo, chiwongolero cha njinga kapena m'mphepete mwa chitenje, chifukwa manja osowa chochita ndiwo amaumitsa thupi lonse.

Ntchito ya makasitomala yokha imatopetsa chifukwa amene amasankha ndi iwo. Ndiye mwezi uliwonse patulani tsiku limodzi la zanuzanu, ndi mutu umodzi wopapatiza: akabaza a ku Katoto m'mamawa kuli nkhungu, amayi ogulitsa usipa ndi nthochi mu msika waukulu, matelala a ku Chibavi pa makina awo, asodzi a ku Nkhata Bay akukonza ukonde. Lenzi imodzi, anthu khumi, aliyense kumupempha kaye ndi kumuuza kumene chithunzicho chipite. Wokana musamukakamize, ndipo mwana musamujambule popanda chilolezo cha kholo. Kenako tsukitsani, ngakhale tating'ono ta 4x6, mukawapatse eni ake m'manja. Ena mwa anthu amenewa chithunzi chokhacho cha nkhope yawo ndi cha pa chiphaso cha unzika. Mukaona mmene mayi akupukutira manja pachitenje asanachilandire, funso loti ntchitoyi ili ndi phindu lanji silibweranso. Pa Facebook, ma like amazirala tsiku lomwelo.

Kutopa kwina si kwa luso ayi, ndi kwa ngongole. Kuthamangitsa kasitomala miyezi itatu kumapha mtima kuposa kuima tsiku lonse pa ukwati. Theka la ndalama lilowe pa Airtel Money kapena Mpamba tsiku lisanasungidwe, lotsalalo asanalandire zithunzi. Mulembereni pa WhatsApp maola amene mugwire, chiwerengero cha zithunzi zokonzedwa ndi tsiku lomupatsa, achibale ndi a kumpingo omwe. Pa mtengo muwerengere thiransipoti, bandulo, maola okhala pa kompyuta ndi kutha kwa zipangizo. Potumiza, tumizani ngati document, apo ayi WhatsApp imachifinya chithunzicho, akakatsukitsa chachikulu n'kutuluka chosweka, mbiri yoipa n'kugwera inu. Memory card musaifafanize zithunzi zisanakhale malo awiri osiyana.

Chomaliza ndi chinyontho cha kuno. Kamera yosiyidwa m'chikwama, mu wadiropu, nyengo yonse ya mvula imamera chuku m'kati mwa lenzi, chonga ulusi wa kangaude. Zithunzi zimayamba kuoneka ngati zili mu utsi, ndipo chukucho chikakhalitsa chimadya galasi. Mukachoka kojambula mu mvula yamawawa, pukutani, muisiye pamphepo iume, kenako muiike m'kontena yotseka bwino pamodzi ndi timapaketi ta silica gel, tija timabwera m'mabokosi a nsapato. Timapaketito timakhuta madzi, ndiye muzitisintha mwezi ndi mwezi mpaka mvula itatha.