Mawaya awiri pa switch imodzi si chitetezo

Achimwene ena andilembera imelo. Aika mawaya awiri a netiweki pa seva yawo ya mafayilo, ndiye akufunsa ngati tsopano angagone tulo. Funsoli landikhudza pamtima, chifukwa ndinaona anthu akulira nazo zimenezi.

Pa ofesi ina yomwe ndinkathandiza, seva ya Linux inali ndi bonding ya active-backup, kutanthauza mawaya awiri omangidwa pamodzi, umodzi ukugwira ntchito, winawo ukudikira kulowa m'malo woyambawo ukafa, papepala zonse zili bwino. Kumapeto kwa mwezi, a ku akaunti ali kalikiliki ndi malipiro, mafayilo anangouma gwa. Mayi wina anabwera laputopu ili m'manja, kachizindikiro kakungozungulira pa sikirini, akufunsa ngati ntchito yawo ya sabata yonse yapita. Kulowa m'chipinda cha seva, timagetsi ta switch, bokosi lolumikiza makompyuta pa netiweki, tonse tili biriwiri. Switchyo inali itafera mkati, osatumiza kanthu, koma link, chizindikiro chakuti waya ndi wolumikizidwa, ili yoyaka. Bonding inali pa miimon=100, ndipo miimon ntchito yake ndi kungosuzumira, pa mamilisekondi 100 aliwonse, ngati waya uli moyo. Waya unali moyo, ndiye seva sinaone chifukwa chosamukira. Ngakhale ikanasamuka, ikanapita kuti? Waya wachiwiri unali pa switch yomweyo.

Ndinene mosapsatira: failover (kusamukira pa waya wina woyamba ukafa) imene simunaizulepo waya ndi manja anu kulibe, ndi chiyembekezo chabe. Zimandipweteka kuti ogulitsa zipangizo amaonetsa mabwana madoko awiri olowetsamo mawaya kumbuyo kwa bokosi, mabwana n'kusaina, basi nkhani yatha. Palibe wofunsa kuti mawayawo akupita kuti. Kwina mupeza ma switch awiri ndithu, koma onse akudya pa UPS imodzi (bokosi losunga magetsi) yomwe batire yake inatupa kalekale, magetsi akangothima onse amagwa limodzi. Ndiye pali enanso amene amaika NFS, njira yogawira mafayilo pa netiweki, pa soft mount kuti makompyuta asamaume. Amenewo ndimatsutsana nawo kotheratu. Soft ikatopa kudikira imabweza error, ndipo fayilo ikhoza kuonongeka mwakachetechete. Njira inayo, hard mount, imadikira mpaka seva ibwerere. Kuli bwino anthu adandaule kwa mphindi ziwiri kusiyana n'kutaya deta.

Nanga mutani, achimwene?

Waya uliwonse upite pa switch yakeyake, magetsi akenso osiyana. Pa active-backup gwiritsani arp_interval ndi arp_ip_target m'malo mwa miimon, kuti seva iziyesa ngati gateway, chipangizo chotulukira kunja kwa netiweki yanu, ikuyankhadi. Mukafuna LACP (bonding yogwiritsa ntchito mawaya onse nthawi imodzi) pa ma switch awiri, ayenera kukhala a stack kapena MLAG, kutanthauza ogwira ntchito ngati switch imodzi. Seva yokhayo ikafa bonding sikuthandizani. Pamenepo pafunika seva yachiwiri, IP (adilesi ya seva pa netiweki) yosamuka ya Pacemaker, pulogalamu yosamutsa ntchito pakati pa ma seva, ndi fencing (kutsekera kunja seva yolephera) kuti ziwirizo zisalembe pa disiki imodzi nthawi imodzi. Pa NFSv4, mtundu wachinayi wa NFS, ntchito ikasamukira pa seva yachiwiri yembekezerani grace period ya masekondi 90, nthawi imene seva imadikira makompyuta kuti atengenso mafayilo amene anatsegula. Loweruka likubwerali yambitsani kukopera fayilo yaikulu, zulani waya woyamba, bwezerani, kenako thimitsani switch yonse.