FUNSANI AZAKHALI: Bwanji tsabola wa m'mapaketi sawawa ngati kambuzi?

Mwezi uno makalata a ku Dedza ndi ku Ntcheu andichulukira, ndipo kaya ndi chisanuchi kaya ndi chani, ambiri akufunsa za tsabola. Inu amene munalemba za apongozi musataye mtima, tidzakambirana mwezi wamawa.

FUNSO: Azakhali, ine ndimayendetsa kabaza wa njinga yamoto pa Dedza boma. Tsiku lina zitandiyendera ndinalowa musupamaketi nkugula makirisipi a paketi yofiira aja, pamwamba analemba kuti HOT CHILLI ndi chithunzi cha moto uli lawilawi, ine nkumati lero ndituluka thukuta chisanu chindisiye. Aaa Azakhali, paketi yonse kutha osamva kanthu, kungotsekemera basi ndi zala kufiira psuu. Ndalama imeneyo bwenzi nditadya tchipisi cha pachiwaya ndi kanyenya pamwamba. Kodi anthuwa akutipusitsa kapena ndi lilime langali linafa? Wakabaza, Dedza boma.

YANKHO: Mwana wanga lilime lako silinafe ayi, langozolowera zinthu zenizeni. Munthu amene wakula akutafuna kambuzi ndi nsima ya usipa ndiye ukamupatse ufa wofiira wowaza pa makirisipi, angamve chani?

Chimene chimawawa mu tsabola ndi kanthu kena kotchedwa capsaicin. Kameneka sikakoma kapena kununkhira, ntchito yake ndi kunamiza timitsempha ta m'kamwa timene timamva kutentha, nde ubongo umaganiza kuti wapsa pomwe palibe chapsa, nchifukwa chake thukuta, mamina ndi misozi zimayamba kutuluka. Kuwawako amakuyeza ndithu, muyezo wake anauyambitsa ndi Wilbur Scoville, katswiri wa zamankhwala wa ku America, mu 1912. Pa muyezo umenewo tsabola wobiriwira wamkulu uja timadulira mu nyama ali pa 0. Jalapeño amene dzina lake mumaliona pa mapaketi ambiri ali pakati pa 2,500 ndi 8,000 basi. Kapiripiri wathu wamng'ono uja amayambira cha pa 50,000 kukwera, ndipo habanero, amene ndi wa banja limodzi ndi kambuzi, amasewera pakati pa 100,000 ndi 350,000. Nde taona wekha, iwe umadya za mahandiredi sauzande, paketi ikukulonjeza moto ndi tsabola wa 8,000, komanso wangowazidwa pang'ono.

Funso lako loti akutipusitsa, ine ndingati theka eya theka ayi. Mawu oti hot si muyezo ngati kilo kapena lita, kampani iliyonse imalemba mmene yaonera. Ndipo kampani ikufuna paketi imeneyo igulidwe ndi aliyense, mwana wa sukulu, agogo, mzungu wa ku Cape Town, poti zambiri za m'mashelefu athuwa zimachokera ku South Africa. Atati aike tsabola woti iweyo ukhutire ndiye kuti makasitomala ambiri athawa. Nde amasankha pakatikati, kuwawa kongokanda pakhosi kuti dzanja libwererenso mupaketi.

Ukadzagulanso tembenuza paketiyo uwerenge kumbuyo pamene alemba zimene aikamo. Amayamba ndi chimene chachuluka nkumatsika mpaka chochepetsetsa. Upeza mbatatesi kapena chimanga, mafuta, kenako shuga, mchere, ufa wa anyezi, wa adyo, kaufa kokometsa chakudya kotchedwa MSG, ka asidi kowawasa, ndipo tsabola amabwera chakumapeto kwenikweni ngati mlendo wochedwa pa ukwati. Zofiira zimene zinatsala m'zala zakozo nthawi zambiri ndi paprika kapena utoto wa zakudya, ndipo paprika ndi wofiira koma ukali alibe. Pakalembedwa sweet chilli ndiye usayembekezere nkomwe, imeneyo ndi shuga yavala malaya ofiira.

Koma chimene chimandidandaulitsa ine si kuchepa kwa ukali ayi, ndi fungo. Kambuzi ukangomuswa nyumba yonse imadziwa, kafungo kake kaja kokhala ngati chipatso kamene kamapangitsa nyemba zopanda mafuta kukoma. Tsabola wouma wogayidwa amene wayenda miyezi mugalimoto ndi m'mawerehausi kafungo kameneko kanathawa kalekale, chotsala ndi kukanda basi. Ndiye ngati makirisipi ukuwafunabe gula a mchere okhaokha, udonthezere Nali pang'ono mupaketimo nkukhutchumula, udye pompo asanalobodoke. Pa botolo la Nali analembapo kuti Abale Samalani, ndipo awo sanali kuseka. Apo ayi bwerera kuchiwaya kwako, mbatatesi ya ku Dedza ndi ku Tsangano anthu a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amachita kuilimbirana, iwe uli nayo pakhomo.

FUNSO: Azakhali ndithandizeni. Ndimagulitsa kabichi ndi tomato pa Lizulu. Mwana wanga wamkazi ali folomu 2 ku boding'i ndipo akamapita sakufunanso chiponde ndi chigumu, akuti ndimugulire ma noodles a tsabola, makamaka ena ake a ku Korea amene anzake amaonera pa TikTok anthu akudya uku akulira. Apongozi anga akuti ndikumupha mwana, adzadwala zilonda za m'mimba. Zoona? Mayi wa ana atatu, Lizulu.

YANKHO: Achemwali, apongozi anuwo nkhawa yawo ndi yabwino koma mlandu aupatsa wolakwika. Zilonda za m'mimba kawirikawiri zimabwera ndi kachilombo kotchedwa Helicobacter pylori, ndipo madokotala awiri a ku Australia amene anatulukira zimenezi, Barry Marshall ndi Robin Warren, analandira mphoto ya Nobel mu 2005. China ndi mapilisi opha ululu monga asipirini, bulufeni ndi diclofenac amene timangogula pa okala nkumameza m'mimba muli pululu. Tsabola payekha saboola m'mimba. Chimene amachita nchoti munthu amene ali kale ndi chilonda kapena amavutika ndi chilungulira akadya amamva kupweteka kwambiri, nde anthu amati wayambitsa ndi tsabola. Mwana akamadandaula m'mimba pafupipafupi, kapena chimbudzi chikamatuluka chakuda bii, kapena asanze magazi, musalimbane ndi zosiyitsa tsabola, thamangani naye kuchipatala, Ntcheu boma si patali.

Za ku Korea zo, dzina lake ndi Buldak, amapanga ndi kampani ya Samyang, ndipo amenewo ndiye si zamasewera ngati makirisipi a wakabaza uja. Mu June 2024 boma la Denmark linalamula kuti mitundu itatu ya ma noodles amenewa ichotsedwe m'mashopu ati capsaicin wachuluka moti angadwalitse ana, kenako atayezanso analola iwiri kubwerera, wowawitsitsa uja anatsala woletsedwa. Anthu pa intaneti anawaseka a ku Denmark kuti ndi amantha, koma mfundo yawo inali pa ana amene amapikisana kudya kuti ajambulidwe. Mpikisano umenewo ndi umene mumuletse mwana wanuyo, kudya mopikisana munthu amatha kusanza ndi kupotokola m'mimba usiku onse, ku hositelo kopanda mayi ake.

Koma mdani weniweni mupaketi ya ma noodles, ya ku Korea kaya yotchipa ya pagolosale, ndi mchere. A bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO amati munthu wamkulu asapyole magalamu 5 a mchere patsiku, kasupuni ka tiyi kamodzi, ndipo mapaketi ambiri kapepala ka supu kaja ndi ma noodles ake zimatenga theka la muyezo umenewo kapena kuposa, pa chakudya chimodzi chokha choti pakatha maola awiri njala yabweranso. Kumbuyo akalemba sodium muchulukitse ndi 2.5 ndiye mupeza mchere wake. Komanso ma noodles ambiri amayamba awakazinga m'mafuta asanawaumitse, nchifukwa chake amapsa msanga. Mwana akazolowera mchere wotere ali folomu 2, ndiwo za kunyumba azidzati sizikumveka, ndipo BP imayambira kutali choncho.

Sindikuti musamugulire, atsikana a msinkhu umenewo ukawakaniza zonse amakapempha kwina ndipo kwinako ndiye koopsa kuposa tsabola. Mugulireni ochepa, mumuuze azithira theka la kapepala ka supu, msuzi wotsala asamamwe. Akabwera holide muphikireni nokha, muponyemo dzira, kabichi ndi tomato wanu yemweyo. Chiponde chisatsale, muike pansi pa chikwama, sabata yachitatu achifuna yekha.

FUNSO: Azakhali tinakangana pa bawo. Tsabola akakuwawa chozimitsa ndi chani? Ine ndimati madzi ozizira, anzanga akuti mowa. Bambo wa pa Kampepuza.

YANKHO: Bambo nonse mwagwa kkkk, ndipo anzanuwo akungofuna chifukwa. Capsaicin sasungunuka m'madzi, amagwirizana ndi mafuta, nde madzi amangoziziritsa kanthawi kochepa mukameza moto uja wabwerera, mwinanso wafalikira kamwa yonse. Mowa wa m'botolo pafupifupi wonse ndi madzi omwewo, zakumwa za gasi nazonso sizithandiza kwenikweni. Imwani mkaka kapena chambiko, mu mkaka muli puloteni wotchedwa casein amene amamata capsaicin nkumuchotsa palilime. Ngati mkaka palibe, supuni ya chiponde, kapena mbamu ya nsima, olo kashuga pang'ono. Mukadula kambuzi pakani mafuta ophikira m'manja kenako musambe ndi sopo musanagwire m'maso, kapena kwina kumene sinditchula m'magazini ino.

FUNSO: Agogo anga amati ukali wa tsabola uli mu njere, ukachotsa njere watha. Koma ine ndinachotsa ndipo anandiwawabe mpaka khutu kulira. Mtsikana wa ku Bembeke.

YANKHO: Mwana wanga agogo sitiwatsutsa pagulu, koma ukali umakhala mu kanyama koyera kamkati kamene njere zimamatirirapo, njerezo zimangopakako. Pala koyerako ndi mpeni. Mbalame ndiye sizimva kuwawa konse, zimameza kapiripiri wathunthu nkukamwaza njere, nchifukwa chake amangomera yekha kuseri kwa bafa popanda womudzala.

FUNSO: Azakhali ndili ndi kagolosale pa Chimbiya. Ana a sukulu amakonda timapaketi ta tsabola totchipa tija, tina timabwera ndi anyamata ochokera mbali ya ku Mozambique tolembedwa Chipwitikizi chokhachokha. Makolo ena ayamba kundinena kuti ndikudwalitsa ana. Ndisiye kugulitsa? Wagolosale, Chimbiya.

YANKHO: Achimwene, katundu kuchokera ku Mozambique si mlandu, ife a mu M1 timadziwa kuti pa Lizulu ukangodumpha msewu uli kale m'dziko la eni, ndipo tsabola amene tikukambayu kwawo ndi ku America, anafika naye kuno ku Africa ndi Apwitikizi omwewo. Nkhani ndi yoti mukudziwa chimene mukugulitsa? Paketi iliyonse ikhale ndi dzina la kampani, zimene aikamo ndi tsiku lothera ntchito, pa Chipwitikizi yang'anani pamene alemba validade. Ikakhala yopanda tsiku, kapena tsikulo likuoneka kuti lafufutidwa nkudindidwanso, kapena ndi zija zongopakira m'timajumbo topanda dzina, musalandire olo akutsitsireni mtengo bwanji. A Malawi Bureau of Standards akadzakupezani nazo adzalanda katunduyo ndipo anyamata anuwo sadzaoneka.

China chimene ndimaona m'magolosale ambiri ndi kupachika mapaketi pawindo kuti ana aziona, dzuwa nkumawomba tsiku lonse. Zinthu zimenezi ndi zamafuta, zikatenthedwa mafutawo amawonongeka nkuyamba kafungo koipa ndi kukoma kwachilendo, ndipo tsabola ndi mchere zimabisa kafungoko moti mwana sazindikira. Ikani pamthunzi, pawindo mupachike mapaketi opanda kanthu. Tsegulani imodzi pa katoni iliyonse mulawe nokha, ikakhala yolobodoka kapena ikununkha ngati mafuta a chiwaya ogona bwezani katoni yonse.

Za makolowo, mwana akadya timapaketi tinayi mmawa m'mimba mulibe phala kenako nkumalira m'mimba mukalasi, vuto lagona pa phala limene sanamwe ndi ndalama imene anapatsidwa m'malo mwake. Koma nanunso kamwana ka sitandade 1 kakabwera ndi ndalama yambiri musamangolandira, kapatseni kamodzi, yotsalayo mukauze kagule nthochi kapena mtedza, ndipo zimenezo muziike pakauntala pomwepo kuti ndalamayo isatuluke mushopu yanu.