Mbatata ikuwola mu nkhuti: kodi mabakiteriya a m'dothi angathandize?

Achemwali, mwati mbatata yanu ya Kadyaubwerere yawolera mu nkhuti isanathe n'komwe miyezi iwiri, ndiye mukufunsa ngati mungathiremo dothi la m'munda poti mwamva kuti lili ndi mabakiteriya opha nkhungu. Chonde dothilo musathiremo. Mabakiteriyawo alipodi, koma nkhungu imene yakudyerani mbatatayo kwawo n'komweko.

Choyamba tayiyang'anani yowolayo. Ngati yafewa n'kumachucha madzi, pamwamba patamera tiubweya totuwa ta timitu takuda, ameneyo ndi Rhizopus, mtundu wina wa nkhungu, ndipo masiku ochepa chabe mbatata yonse imasanduka phala. Ngati ili ndi mawanga akuda olowa m'kati, yolimba ndithu koma yowawa mukaiphika, ameneyo ndi Ceratocystis, mtundu winanso wa nkhungu, wobwera nayo kuchokera kumunda kudzera m'dothi kapena m'mbewu. Onse awiri khomo lawo ndi bala: pamene khasu linatema, pamene inasupuka m'thumba, pamene nankafumbwe anaboola.

Bakiteriya wotchuka pa ntchito yolimbana ndi nkhunguzi ndi Bacillus subtilis. Akafika pabala nkhungu isanafike, amadya chakudya chimene nkhunguyo ikanakulira, komanso amatulutsa timankhwala monga iturin ndi fengycin timene timaboola khungu la nkhungu. Amapirira kutentha ndi kuuma, n'chifukwa chake amatheka kugulitsidwa ngati ufa kapena madzi a m'botolo. Mankhwala a Serenade amapangidwa ndi iyeyu. Ku America, osunga mbatata amathanso kugwiritsa ntchito Bio-Save, wochokera kwa bakiteriya wina, Pseudomonas syringae. Koma amenewa ndi mitundu yochita kusankhidwa ndi akatswiri n'kuichulukitsa, si aliyense wopezeka pa mzere wa m'munda. Ndipo ntchito yawo ndi ya ulonda. Mbatata ikayamba kale kuwola, sangaichize. Wina akakubweretserani kabotolo pamsika, funsani ngati kanavomerezedwa ndi Pesticides Control Board, bungwe la boma loona za mankhwala ophera tizilombo. Akayamba kuzungulira, musiyeni apite nako.

Ine ndikanakhala inu, ndalamazo ndikanayamba ndasunga, mphamvu n'kuziika pa mabala. Ndinaphunzira movutika chaka china: ndinathithikiza mbatata m'matumba a feteleza, kumangirira panjinga, msewu wa mabampu, kufika kunyumba n'kukhuthulira mu nkhuti tsiku lomwelo. Potsegula, fungo lokha linandibweza.

Sengani kholowa yense kutatsala masabata awiri kuti mukumbe, khungu limakhwima mbatata ili m'nthaka momwemo. Pokumba, khasu lizitera patali ndi phata. Musaitsuke. Yotemeka ndi yobooka ndi nankafumbwe ipite kumphika kapena mupange makaka. Yotsalayo iunjikeni pamthunzi pofunda, muifunditse udzu ndi chiguduli chonyowa pang'ono kwa masiku 4 mpaka 7. Kumene ali ndi zipangizo amaisunga pa madigiri 29 ndi chinyezi cha 85 mpaka 90 peresenti, cholinga n'chimodzimodzi: timabala tiphimbike ndi khungu latsopano. Mukapala pang'ono ndi chala khungu osasupuka, yakonzeka.

Nkhuti imene mbatata yawoleramoyo ikwirireni, kumbani ina pamalo okwera, pamthunzi. Yalani mchenga wouma gwa, mbatata pamwamba pake zisakhudzane, kawazeni phulusa, mchenga winanso, choncho mpaka kudzaza. Mchenga wongotapa kumtsinje uyanikeni kaye, ndipo uzizire musanathire. Muzisuzumiramo pakapita masabata awiri kapena atatu, ina ikaoneka yokayikitsa ichotseni pamodzi ndi mchenga wozungulira.

Yowolayo musapatse ng'ombe kapena nkhumba poti n'zachabe kale. Mbatata yogwidwa ndi nkhungu imapanga poizoni, ndipo ng'ombe zimatha kudwala mapapo mpaka kufa. Ikwirireni kutali ndi munda womwe mudzabzale mbatata chaka chamawa.