Corona sinatipweteke mofanana, achemwali

Achemwali ena andilembera kufunsa ngati akulakwa kukakamiza mnzawo wa banki m'khonde kuti abweze ngongole ya 2020 ndi chiwongoladzanja chake chonse, popeza "corona inatipweteka tonse". Mawu amenewo andikhudza, ndiye mundipirire.

Sukulu zitatsekedwa pa 23 March 2020, ine ndinkaphunzitsa pasukulu ina ya pulaiveti. Makolo anasiya kulipira fizi, eni sukulu anangoti tidzakuitanani. Aneba anga, mphunzitsi wa boma, malipiro ankalowa mwezi ndi mwezi iwo ali phee pakhonde. Sindikuwachitira nsanje, koma ine ndinagulitsa filiji kuti alandilodi asanditulutse.

Mng'ono wanga ku Joni zinali zoposa apo. Dziko la South Africa litatseka zonse pa 27 March, lesitilanti imene ankatsukako mbale inatseka zitseko, ndipo kandalama kamene ankatumizira amayi kumudzi kanathera pomwepo. Anabwerera pa basi ndi chikwama chimodzi, anthu akumuthawa kuti wabweretsa matenda.

Ndiye musandiuze kuti tonse tinavutika chimodzimodzi. Amene ankati "khalani pakhomo" anali ndi laputopu ndi ufa m'nyumba. Mayi wogulitsa tomato mu Limbe, wakabaza, mtsikana wantchito amene abwana anamuuza kuti ayambe wapita kwawo, onsewa akapanda kutuluka m'mawa, madzulo moto suyaka. N'chifukwa chake mavenda anachita zionetsero boma litalengeza zotseka dziko kwa masiku 21, mpaka Justice Kenyatta Nyirenda anaimitsa chiganizocho pa 17 April. Kenako kunamveka za K35,000 pamwezi ya mabanja ovutika m'matauni. Pa line pathu sitinaione. Za K6.2 biliyoni ya corona, imene ina inathera m'ma alawansi a mabwana, ndisayambe n'komwe, BP ingandikwere.

Tsono yankho lanu

Muyambe mwafunsana amene malipiro ake sanaduke chaka chimenecho. Ngati mnzanuyo ankadalira geni, gulu limuchotsere chiwongoladzanja ndi zindapusa, abweze mpamba wokhawo pang'onopang'ono mwezi uliwonse, ndipo mlembi azilemba m'buku pamaso pa nonse.