Snape ankamukondadi Lily, koma chimene chinakula mwa iye ndi chikumbumtima

Achemwali, mwafunsa ngati Severus Snape wa m'mabuku a Harry Potter ankamukondadi Lily, mayi ake a Harry, kapena kunali kukakamira chabe kwa mwamuna wokanidwa, komanso ngati munthuyu anasinthadi pofika kumapeto. Ndaona kuti amene ayankha kale agawikana, ena akumutcha ngwazi pomwe ena akuti anali munthu wankhanza amene anangopeza imfa yooneka bwino. Ine ndine mphunzitsi wa sekondale kuno ku Nkhotakota, mabuku onse 7 ndinawawerenga mochita kubwereka, ndipo maganizo anga ndi akuti chikondi chake chinali chenicheni koma sichinakule mpaka imfa yake. Chimene chinakula mwa iye ndi chikumbumtima, ndipo zinthu ziwirizi tisazisakanize.

Zambiri za moyo wake timazipeza m'mutu 33 wa buku lomaliza, Harry Potter and the Deathly Hallows, limene linatuluka mu 2007. Mmenemo tikuona kamnyamata kosauka, kovala zovala zosagwirizana, kochokera m'nyumba imene makolo ankangokhalira kukangana, katabisala kuseri kwa zitsamba n'kumasuzumira Lily akusewera ndi m'bale wake Petunia. Lily ndiye anali munthu woyamba kumuchitira chifundo, choncho n'zosadabwitsa kuti anamugwiritsa ngati mmene munthu womira m'nyanja amagwirira bwato. Komabe taonani kuti ngakhale pa msinkhu umenewo ankafuna Lily yekha popanda aliyense womuzungulira. Petunia ankamuona ngati chopinga, ndipo tsiku lina atakangana naye nthambi ya mtengo inathyoka n'kumugwera mtsikanayo paphewa.

Anthu ambiri amanena kuti ubwenzi wawo unatha chifukwa cha mawu amodzi achipongwe amene Snape anamunena Lily m'chaka chawo chachisanu ku Hogwarts, sukulu ya zamatsenga, pamene James Potter, amene pambuyo pake anakwatira Lily, ankamuchititsa Snape manyazi pagulu, mawu otanthauza kuti magazi a Lily ndi odetsedwa poti makolo ake sanali amatsenga. Ine sindivomereza kuti vuto linali mawu amodziwo. Snape atapita kukapepesa usiku, Lily anamukumbutsa kuti anthu ena onse obadwa ngati iyeyo ankawatchula ndi mawu omwewo, ndipo anamufunsa chifukwa chimene iye yekha akanakhalira wosiyana. Mnyamatayo ankaganiza kuti akhoza kulowa gulu lodana ndi mtundu wonse wa anthu ngati Lily n'kumupatula Lily yekha, ngati munthu amene akuyatsa moto m'mudzi koma akulonjeza kuti nyumba imodzi siipsa.

Pa nkhani ya ulosi m'pamene khalidwe limeneli linaonekera poyera. Snape anamva mbali ya ulosi wa mlosi Trelawney wonena za mwana amene adzagonjetse Voldemort, mfiti yankhanza imene Snape ankaitumikira, n'kukaiuza mfitiyo, akudziwa bwino kuti pali mwana wa munthu amene adzasakidwe. Mtima sunamugunde mpaka atazindikira kuti mwanayo ndi wa Lily. Anapempha Voldemort kuti asiye mayi yekhayo, ndipo atathamangira kwa Dumbledore, mphunzitsi wamkulu wa Hogwarts, mkuluyo anamuuza mosabisa kuti akunyansidwa naye, chifukwa sankasamala za imfa ya mwamuna ndi mwana bola iye apeze chimene akufuna. Tiganizire bwino chimene Snape ankapempha. Akanapatsidwa Lily wamoyo, akanakhala mayi amene mwamuna wake ndi khanda lake aphedwa pamaso pake, ndipo mayi ameneyu ndi yemweyo amene pa 31 Okutobala 1981 anakana kuchoka pamene anauzidwa kuti apatuke, n'kusankha kufa m'malo mwa mwanayo. Munthu amene ankamudziwadi Lily akanadziwa kuti pempho lotere silikanamupulumutsa.

Pamenepa ndilankhule monga mphunzitsi, chifukwa mbali imeneyi ndi imene imandivuta kuikhululukira. Akuluakulu amati mwana wa mnzako ngwako yemwe. Snape atakhala mphunzitsi ku Hogwarts anapatsidwa m'kalasi Harry, mwana wamasiye wa mkazi amene ankamulira, mwana amene umasiye wake iye mwini anathandizira kuubweretsa, koma kuyambira tsiku loyamba anayamba kumunyoza chifukwa nkhope yake inali ya James. Ena amati ankachita dala pofuna kuti otsatira Voldemort asamukayikire. Nanga Neville Longbottom, mnzake wa Harry wa m'kalasi, analakwa chiyani? M'buku lachitatu Snape anaopseza kuti amwetsa chule wa mnyamatayo mankhwala amene anasakaniza molakwika, ndipo pamene ana ankaphunzira za chizukwa chimene chimasanduka chinthu chimene munthu amachiopa kwambiri, kwa Neville chinasanduka mphunzitsi wakeyo. M'buku lachinayi mano a Hermione, mnzake wina wa Harry, atakula chifukwa cha matsenga, Snape anati sakuona kusiyana kulikonse, mtsikanayo n'kuthawa akulira. Ndaonapo ana akusiyira sukulu panjira chifukwa cha lilime la mphunzitsi mmodzi, choncho zimenezi sindizitenga ngati nthabwala za m'buku.

Ndime imene anthu amaikonda kwambiri, ya gwape wamkazi wowala uja, ndikupemphani kuti muiwerengenso mofatsa. Dumbledore atamuuza kuti Harry ayenera kufa, Snape anakwiya n'kunena kuti mnyamatayo waleredwa ngati nkhumba yodikira kuphedwa. Dumbledore anamufunsa ngati wayamba kumukonda mwanayo, ndipo Snape anakana, n'kutulutsa mwamatsenga gwapeyo, amene anali wofanana ndi wa Lily, posonyeza kuti zonse ankachitira Lily. Yankho lake lakuti "Nthawi zonse" limene ambiri amalilemba pa Facebook ngati chitsanzo cha chikondi chosatha linali njira yokanira Harry. Momwemonso atapeza kalata ya Lily m'nyumba ya Sirius, mnzake wa James, anatenga tsamba lokhala ndi siginecha yake, n'kung'amba chithunzi cha banjalo kuti atenge mbali ya Lily yekha, mbali ya James ndi mwana n'kuitaya pansi. Mwamuna wa zaka 37 ankachitabe zimene kamnyamata ka kuseri kwa zitsamba kankachita. Kuno kwathu timawadziwa anthu amene amalira pamaliro kuposa anamfedwa koma mwambo ukatha sawagulira ana amasiye ngakhale sopo.

Komabe amene mukuti sanasinthe konse mukulakwitsanso, ndipo umboni wake uli m'zinthu zimene sizikhudza Lily n'komwe. Dumbledore atamufunsa kuti waonerera anthu angati akufa, Snape anayankha kuti masiku amenewo ndi okhawo amene walephera kuwapulumutsa, ndipo mawu amenewa sakanatuluka m'kamwa mwa mnyamata uja amene ankapempha moyo wa munthu mmodzi. Pa usiku umene Harry ankasamutsidwa kunyumba kwa Petunia, m'bale wa mayi ake, Snape anayesa kupulumutsa Lupin, mnzake wina wa James amene Snape sankamukonda, ngakhale kuti matsenga ake anaphonya n'kudula khutu la George Weasley. Ali mphunzitsi wamkulu, Ginny, Neville ndi Luna atagwidwa akufuna kuba lupanga, anawatumiza kwa Hagrid, munthu wachifundo wosamalira zinyama za pasukulupo, m'malo mowapereka kwa a Carrow, otsatira Voldemort amene ankazunza ana. Chithunzi cholankhula cha Phineas Nigellus, mphunzitsi wamkulu wakale, chitamutchula Hermione ndi mawu achipongwe aja, Snape anachiletsa, ndipo panalibe munthu wamoyo aliyense woti amutamande. Atadziwa kuti mwana wa Lily sapulumuka, chifukwa chake choyambirira chinali chitatha, koma ntchito anaipitirizabe mpaka njoka Nagini inamupha mu 1998 ali ndi zaka 38.

Choncho, achemwali, yankho langa ndi lakuti imfa ya Lily ndi imene inamutembenuza, koma zaka pafupifupi 17 zodziimba mlandu ndi zimene zinamuphunzitsa kuwerengera moyo wa anthu ena, pomwe chikondicho chinangokhala mmene chinalili. Harry anali ndi ufulu wopatsa mwana wake dzina lakuti Albus Severus poyamikira kulimba mtima kwa munthuyo, ndipo kulimba mtimako sindikukutsutsa. Koma ndikanakhala kholo la Neville, ndikanapita kumaliro ake, n'kupereka chipepeso, koma mwana wanga sindikanamubwezeranso m'kalasi ya mphunzitsi wotero.