Amene amasankha nyimbo yopita ku Eurovision si boma ayi

Achimwene, mwafunsa ngati boma ndilo limatumiza woyimba ku Eurovision, mpikisano wa nyimbo wa chaka ndi chaka wa mayiko, makamaka a ku Ulaya. Ayi, udindowu ndi wa wailesi ya kanema yomwe ili membala wa bungwe la mawailesi la European Broadcasting Union, ndipo wailesi iliyonse ili ndi njira yakeyake.

Ku Sweden, wailesi ya kanema ya SVT imachititsa mpikisano wa Melodifestivalen kuyambira February mpaka March, ndipo pa ndime yomaliza mavoti a anthu amaphatikizidwa ndi a oweruza ochokera kunja. Nzeru imeneyi ndimaiyamikira, chifukatu nyimboyo imayesedwa m'makutu a alendo isananyamuke. Ku Italy wopambana pa mpikisano wa nyimbo wa ku Sanremo amapatsidwa mwayi woyamba, koma akhoza kukana: mu 2025 Olly anakana, kunapita Lucio Corsi. Mawailesi ena amangosankha okha m'chipinda, anthu n'kumva kuti zatha kale.

Pamene ambiri amapunthwa ndi pa malamulo. Nyimbo isapitirire mphindi 3, choncho za ku Sanremo zimafunika kudulidwa, ndipo akadula molakwika pamene pamakoma pamatayika. Isakhale yoti inatulutsidwa pa msika 1 September wa chaka chathacho asanafike. Papulatifomu pasakwere anthu oposa 6, ovina omwe. Woyimba wamkulu amayimba pompopompo, koma zida zoyimbira zimakhala zojambuliratu.

Zonse zimaperekedwa chapakati pa March, ndipo mawu a nyimbo amaunikidwa. Akanunkha ndale amauzidwa kusintha. Georgia inakana kutero mu 2009 n'kutuluka yokha, pamene Belarus inachotsedwa mu 2021 nyimbo yake yachiwiri itakanidwanso.